Pezani khoma kaye, munthu abwera yekha

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukufuna kudziwa momwe mungajambulire zithunzi za mumsewu zosadzaza zinthu, zija zokhala ndi munthu mmodzi ndi malo aakulu opanda kanthu, mu Lusaka muno momwe paliponse pali mabasi, zikwangwani ndi mawaya a magetsi. Mwafunsanso ngati pafunika kugula kamera. Foni muli nayoyo ikwana. Ngati ili ndi lenzi ya 2x kapena 3x, yokokera pafupi zinthu zakutali, muzigwiritsa ntchito imeneyo, chifukwa lenzi yoyamba ija imakoka zonse za m'mbali, zomwe mukuzithawazo n'kulowa.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti musamayende kusaka anthu. Sakani khoma loyera bwino, mthunzi wautali kapena thambo. Konzani chithunzi chanu musanalowe munthu aliyense, kenaka imani pomwepo mudikire. Adutsa mayi atasenza beseni la nthochi, adutsa wa njinga ya makala, adutsa mwana wa sukulu. Ambiri adutsa awiriawiri kapena m'chigulu, amenewo asiyeni. Dikirani yemwe ali yekha, ndipo mujambule pomwe mwendo wakutsogolo ukuponda pansi, miyendo itatanyula, kuti thupi lioneke kuti likuyenda. Kudikirako n'kumene kumagonjetsa ambiri, koma ntchito yonse yagona pamenepo.

Yambirani ku Cairo Road Lamlungu m'mamawa, masitolo asanatsegule. Msewu umenewu unayala kuchokera ku Kabwe Roundabout kumpoto mpaka ku Kafue Roundabout kummwera, ndiye dzuwa likamatuluka kum'mawa, kumbali ya njanji, limawomba makoma a kumadzulo, pomwe makonde a mbali inayo amakhala mumdima. Kuwala ndi mdima zikagawana msewu choncho, mdimawo umakubisirani zinyalala ndi zikwangwani. Dinani pa foni pamalo owala, mutsitse kuwalako pang'ono mpaka mthunzi ude bii. Mukafika kumapeto a kummwera yang'anani m'mwamba: nyumba ya Findeco House, ya nsanjika 23, mukaiika pakona ya chithunzi n'kusiya kwina konseko kukhale thambo, simufunanso china.

Malo amene ine ndimawakonda koposa ndi Cathedral of the Holy Cross, tchalitchi cha Anglican cha mu 1962, ndi yunivesite ya Zambia (UNZA) ku Great East Road. Konseku ndi konkire yokhayokha, mizere yowongoka, masitepe ndi makonde aatali. Pa UNZA wophunzira mmodzi akamakwera masitepe, khoma lotuwa lili kumbuyo, chithunzi chatha kale. Koma kumbukirani kuti kuli eni ake, mulonjere alonda ndi kuwauza chomwe mwadzera. Milatho ya oyenda pansi ya pa Great East Road, monga wa pa Manda Hill, imakupatsani mwayi wojambula kuchokera pamwamba, tala n'kukhala ngati pepala lakuda lomwe munthu ndi chithunzithunzi chake akuyendapo. Mipanda yaitali ya ku Kabulonga ndi ku Rhodes Park nayonso njabwino madzulo.

Musanyoze mitundu. Kabuthi kamodzi kotumizirapo ndalama, kachikasu ka MTN kapena kofiira ka Airtel, kataima kokha patsogolo pa khoma lotuwa, n'chithunzi cha Lusaka weniweni. Ambiri amathamangira kusandutsa zonse kukhala zakuda ndi zoyera poganiza kuti zioneka zaluso. Ine sindigwirizana nazo. Chithunzi chodzaza chimakhalabe chodzaza ngakhale muchichotse mtundu, ndipo mumangotaya chitenje chowala chomwe chikanakoka diso.

Nyengo nayo muiwerengere. Mu Juni ndi Julaye thambo limakhala la buluu lopanda mtambo masiku ambiri, ndiyo nthawi ya nyumba zazitali. Kuyambira Ogasiti fumbi ndi utsi wa kutentha tchire zimaliyeretsa mbuu, zomwe zimathandiza ngati mukufuna munthu aoneke wakuda patsogolo pa kuwala. Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jakaranda imathothola maluwa pansi, ndipo mvula ikayamba mu Novembala zithaphwi zimakupatsani thambo lachiwiri.

Ku Soweto Market, ku Kamwala ndi ku siteshoni ya mabasi ya Kulima Tower musayambire kumeneko, chifukwa kumadzaza anthu. Mudzapita dzanja litazolowera, ndipo foni muigwire zolimba. Kumeneko mulankhule kaye ndi amayi a pamsika kapena angwangwazi (anyamata oitanira mabasi), chifukwa munthu ali pa ntchito yake sakondwa kungolozedwa kamera ngati katundu. Wina akakana, pepesani muchoke. Akafunsa, muonetseni chithunzicho, ndipo akati mufufute, fufutani. Ana musawajambule popanda kholo kuvomera. Ku State House, kumisasa ya asilikali, kupolisi ndi kubwalo la ndege foni ikhale m'thumba.

Mukafika kunyumba musankhe zitatu zokha. Yang'anani m'makona onse anayi, mudule chilichonse chomwe chikukokera diso kutali ndi munthu uja. Zitatuzo mudzatitumizire muno Lolemba, tidzakuuzeni pomwe waya kapena tayala la basi lalowerera.