Za dimba la zinkhupule la ana asukulu

Aphunzitsi, mwafunsa ngati chinkhupule chingathandize ana a sitandade 4 kuphunzira kulima ndi kusamala chilengedwe, mwatinso chaka chatha njere zambiri sizinamere, ndipo zomerazo maluwa ankangothothoka. Chingathandize ndithu. Ndi m'bale wake wa dzungu ndi nkhaka, ndipo kutentha kwa kuno ku Mangochi chimakukonda.

Njere yake ili ndi khungu lolimba, madzi salowa msanga. Sankhani zakuda bii, zonenepa. Zoyera ndi zopyapyala nzosakhwima, sizimera. Ziviikeni m'madzi maola 24, kapena ana azikhule pang'ono m'mphepete pamwala, osafika pamtima. Bzalani zitatu paphando, kuya kwa masentimita 2 okha, mapando atalikirane mita imodzi. Zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14, kenako mupatulire kutsale imodzi yamphamvu.

Chimene ambiri amaphonya ndi nthawi yobzalira. Kuti chinkhupule chikhwime chimafuna miyezi isanu kapena kupitirirapo. Mukabzala ndi mvula yoyamba mu Disembala, mbewu zimakhala zanthete ana ali patchuthi, ndipo mbuzi za m'mudzi sizidziwa kuti ili ndi dimba la sukulu. Bzalani sabata yoyamba ya teremu yachiwiri mu Januwale, kuti ana omwe anabzala akolole okha cha mu Juni. Pamenepo pafunika kuthirira mvula ikatha, chidebe chimodzi paphando kawiri pasabata. Madzi otayika pamjigo akukwanira. Musatume ana kukatunga ku Shire kapena kunyanja, kuli ng'ona ndi likodzo.

Dothi la m'mbali mwa nyanja, monga ku Makawa ndi ku Monkey Bay, ndi lamchenga ndipo silisunga chinyontho. Kumbani dzenje la masentimita 40 m'lifupi ndi kuya komwe, musakanize dothi ndi theka la chidebe cha ndowe za mbuzi zowolerana. Zaziwisi zimawotcha mizu. Phimbirani ndi udzu, koma usakhudze tsinde chifukwa cha chiswe. Yuriya musiyeni, amachulutsa masamba zipatso nkusowa.

Thandala mumange musanabzale, lotalika mamita awiri, lansungwi zokhwima. Tsinde la nsanamira muliwaule pamoto kuti chiswe chichedwe kudya. Lilimbe ndithu, pakuti chipatso chachiwisi nchodzaza madzi, cholemera, ndipo mwera ukayamba thandala lofooka limagwa ndi zipatso zomwe. Chipatso chogona pansi chimapindika nkuwola. Musachilole kukwera mumtengo wamango, mudzaona ana ali kunsonga akuchitsatira.

Tsopano za maluwa aja. Pali aamuna ndi aakazi pamtengo umodzi. Aamuna amabwera ambiri pakaphesi kamodzi, amayamba kutuluka ndiwo, ndipo amamasula tsiku limodzi nkugwa. Kuthothoka kwawo si matenda. Duwa lalikazi limakhala lokha, kumbuyo kwake kuli kachipatso ngati kankhaka. Kachipatsoko kakamachita chikasu nkufota ndiye kuti mungu sunafike, njuchi zachepa. Apa ndi pamene pali phunziro lokoma kuposa onse: m'mawa nthawi yolowa m'kalasi isanakwane, mwana athyole duwa lalimuna, achotse timasamba tachikasuto, akhudzitse mungu pakati pa duwa lalikazi, amangepo kaulusi kuti adziwe lake. Pakapita masiku ochepa amaona kachipatso kake kakufufuma. Mwana ameneyo simudzavutikanso kumufotokozera ntchito ya njuchi. Nchifukwa chakenso mankhwala opopera asafike m'dimba limeneli, amapha njuchizo, komanso ndi oopsa kwa ana.

Mdani wamkulu ndi ntchentche yoboola zipatso, yomweyo ya maungu ndi mango. Imaikira mazira m'chipatso chanthete, pamalopo pamatuluka utomoni, m'kati muli mphutsi. Mungu ukangogwira, vekani kachipatsoko kathumba ka nyuzipepala kapena kansalu kopyapyala. Zolumidwa muzikwirire m'dzenje lakuya theka la mita. Mukangozitaya pambali mukuweta ntchentche zina.

Miyezi isanu ndi yaitali kwa mwana, amatopa nkudikira. Gulu lililonse likhale ndi phando lake ndi kope, Lachisanu lililonse ayeze mphukira ndi chingwe, awerenge maluwa aamuna ndi aakazi. Masamu alowa pomwepo. Zipatso zingapo muthyole zisanapitirire masentimita 15, zimadyedwa ngati ndiwo, mungazikazinge ndi tomato ndi anyezi. Chowawa musadye, tayani.

Chakhwima khungu likasanduka lofiirira, chikapepuka, njere nkumachita phokoso mukachigwedeza. Bandulani kachivindikiro kakunsonga, khutumulani njere, viikani m'madzi mphindi 15 kuti khungu lisendeke, tsukani mpaka kuterera kuthe, yanikani padzuwa masiku awiri kapena atatu. Chikanyowa chili chouma pamtengo chimachita madontho akuda ankhungu.

Pa za chilengedwe musachulutse mawu. Ana akwirire chidutswa cha chinkhupule pamodzi ndi chidutswa cha saka yapulasitiki kapena neti yakale, zimene ambiri amatsukira mapoto, m'dothi lonyowa, aikepo chizindikiro. Akafukule pakutha pa teremu aone chimene chawola ndi chimene chikadali chomwecho, ndiye muwafunse kuti zotsukira zotayidwa kudooko zimathera kuti. Makoko ndi masamba zipite kudzenje la manyowa a chaka chamawa. Chosambira azichiyanika akatha kusamba, nkusintha pakatha mwezi.

Njere zosunga zichokere ku zipatso zazikulu, zowongoka. Ziume pamthunzi sabata imodzi, muziike m'botolo louma ndi phulusa pang'ono, mulembepo tsiku. Chipatso chimodzi chimatulutsa njere zokwanira gulu lonse, choncho mwana aliyense atengeko zisanu zokabzala pampanda wa bafa kwawo, pamene madzi osambira amapita.