Kodi munthu "anasanduka" kuchokera kwa nyani? Mafunso a owerenga pa mawu a za mafupa akale

Sabata ino ndalandira mafunso atatu a nkhani imodzi, onse ochokera kuno ku Mzuzu. Ndiyamba ndi la aphunzitsi a sekondale a ku Chibavi, chifukwa ndi lomwe ndakhala nalo m'mutu masiku angapo.

Iwo alemba kuti: "Ndikafuna kuti ana amvetse phunziro la chiyambi cha munthu, ndimatembenukira ku Chichewa n'kunena kuti munthu anasanduka kuchokera kwa nyani. Ena amaseka, ena amakwiya. Mnyamata wina anandifunsa kuti nanga anyani a pa Chiweta aja akudikira chiyani? Mawu oyenera ndi ati?"

Aphunzitsi, mnyamatayo anafunsa zanzeru. Anamva bwinobwino zimene Chichewa chanu chinanena, kungoti zimenezo si zimene asayansi amanena. Mawu awiri ndi amene akupotoza nkhaniyi: "kusanduka" ndi "nyani".

M'Chichewa, chosanduka ndi chinthu chimodzi chomwecho, dzulo chinali china, lero chaoneka china. M'nthano munthu amasanduka fisi usiku n'kubwerera m'bandakucha. Mbozi imasanduka gulugufe. Ndiye mukati nyani anasanduka munthu, mwana amaona m'maganizo mwake nyani mmodzi atakhala pamwala, mchira n'kuthothoka, n'kudzuka kuyamba kupereka moni. Ndani sangaseke? Zimene asayansi amafotokoza n'zakuti palibe chamoyo chimene chinasintha thupi chili moyo. Mwana amabadwa wofanana ndi makolo ake koma osati ndendende. Kusiyana kwakung'ono kumene kwamuthandiza kukhala ndi moyo n'kubereka kumapitirira kwa zidzukulu, ndipo pakapita mibadwo zikwizikwi mtundu wonse umakhala utasiyana ndi woyamba uja. Mneni woyenera pamenepa ndi "kusinthika". Kachidutswa ka -ik- kaja kamasonyeza kuti chinthu chafika pena popanda kutchula wochita, monga mmene timanenera kuti chingwe chaduka kapena phiri laoneka. M'mabuku ena mupezamo dzina loti "chisinthiko". Ndi labwino pamutu wa nkhani, koma m'kalasi ine ndingakonde mutatambasula: kusinthika kwa zamoyo pang'onopang'ono m'mibadwomibadwo.

Tsopano nyani. Ife nyani timamudziwa: wa mchira, wa mphuno yaitali ngati ya galu, wakuba chimanga m'munda. Tilinso ndi pusi ndi nchima, onse a michira. Koma nyama imene asayansi amati ili pachibale chapafupi ndi munthu ndi chimpanzi, yopanda mchira, imene kuno ku Malawi kulibe. Imapezeka kumadzulo kwa Tanzania m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, ku Congo, ku Uganda ndi maiko ena. Popeza makolo athu sankakumana nayo, sanaipatse dzina, ndipo omasulira akhala akungoiponya m'thumba la "nyani". Ibwerekeni dzinalo, mulembe chimpanzi. Ndipo ngakhale chimpanziyo, asayansi sanena kuti ndiye anabereka munthu. Amati onse awiri anachokera kwa kholo limodzi limene linakhalako zaka pakati pa 6 ndi 7 miliyoni zapitazo, kenaka mbumba inagawikana, aliyense n'kutsata njira yake. Mnyamata wanu uja mumuuze kuti ana a agogo amodzi sabalana okhaokha, ndipo anyani a pa Chiweta sakudikira kanthu, ali paulendo wawo.

Ndaona ena akulemba kuti chimpanzi ndi "msuweni" wathu. Kwa ine mawuwa sakukhala bwino. Msuweni kwathu ndi mwana wa amalume kapena wa azakhali, munthu wochita naye nthabwala, amene kale ankatha kukhala mkazi kapena mwamuna wako. Nenani kuti "wachibale" basi. Kaya mwana akhulupirira zimenezi kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya iye, makolo ake ndi chikhulupiriro chake, ndipo ndimailemekeza. Changa n'chakuti akamakana kapena kuvomera, azikana kapena kuvomera zimene zanenedwadi.

Funso lachiwiri lachokera kwa mtsikana wophunzira pa Mzuni, ku Luwinga, amene akukonza pulogalamu ya pawailesi atapita kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga. Akufunsa: fupa lotchuka la ku Uraha lija tizilitcha chibwano kapena nsagwada?

Chemwali, poyankhula tsiku ndi tsiku anthu amasakaniza mawu awiriwa, ndipo palibe amene amasokonezeka. Koma pankhani yanuyi kuwasiyanitsa kukupindulitsani. Gwirani pansi pa khutu n'kutsegula pakamwa: fupa lonse limene likuyendalo, lonyamula mano apansi, ndiye nsagwada. Tsopano tsitsani chala mpaka kunsonga, pansi pa mlomo, pamene pamamera ndevu: kafupa kotulukira kutsogoloko ndiko ndikuti tikasungire dzina la chibwano. Chifukwa chake n'chakuti chibwano chotulukira chotere chili ndi ife tokha, anthu a lero. Mitundu yakale ya anthu inali ndi nsagwada zikuluzikulu koma kunsonga kwake kunali kobwerera m'mbuyo. Mukati "anapeza chibwano", mwatchula chinthu chimene mwini fupalo analibe.

Ndiye nenani kuti mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada yapansi imene inapatsidwa nambala ya UR 501. Ili ndi zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo anaiika mumtundu wa Homo rudolfensis, umodzi mwa mitundu yakale kwambiri ya gulu lathu la Homo. Dzinali linachokera ku nyanja ya Rudolf ku Kenya, imene lero imatchedwa Turkana. Maina otere musawamasulire, atchuleni momwemo. Mu 1996, ku Malema m'boma lomwelo, kunapezekanso chidutswa cha nsagwada yam'mwamba ya mtundu wina, Paranthropus boisei. Ameneyu anali ndi mano otafunira aakulu zedi, ndipo zigaza za mtundu wake zopezeka ku Tanzania ndi ku Kenya zina zili ndi fupa lokwera pakati pa mutu ngati mzere wa m'munda, pomwe pankagwira minofu yotafunira. Iyeyu musamutche kholo lathu. Mtundu wake unatha osasiya mbewu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mitundu iwiriyi inakhalapo nyengo imodzi m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, kumene munthu amafika tsiku lomwelo atakwera minibasi pa depoti ya Mzuzu.

Pa mawu ena a thupi musavutike kupeka. Chigaza, kapena chibade, tili nacho. Chipumi, nkhongo, msana, chiuno, ntchafu, bondo, chidendene, zonse zilipo, ndipo n'zokwanira kufotokozera nkhani yonse.

Lachitatu ndi la mayi wina wa ku Katoto amene amathandiza mdzukulu wawo homuweki. Akuti: "Za Lucy uja wa ku Ethiopia, tiziti anali wamfupi kapena chinali chachifupi? Poti sanali munthu weniweni."

Mayi, nenani kuti anali wamfupi. Galamala yathu pano siikukukakamizani kugamula mlandu wakuti anali munthu kapena nyama, chifukwa nyani, pusi, galu ndi fisi amatenga kale mgwirizano wofanana ndi wa munthu: munthu wabwera, nyani wabwera, anthu athawa, anyani athawa. Pamene "chi-" amabweretsa kunyoza kapena mantha. Mukati "chinali chachifupi", mdzukulu wanu aona chilombo cha m'nthano, chinthu choopsezera ana. Lucy sanali chotero. Mafupa ake anapezeka ku Hadar mu 1974 ndi gulu la Donald Johanson, pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse a mafupa a thupi lonse. Anakhalako zaka 3.2 miliyoni zapitazo, mtundu wake ndi Australopithecus afarensis, ndipo kutalika kwake kunali kungopitirira pang'ono mita imodzi. Ubongo wa mtundu wake unali wongoposa pang'ono wa chimpanzi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a wathu. Anthu a ku Ethiopia anamupatsa dzina lawolawo m'Chiamhariki, Dinkinesh, kutanthauza kuti ndiwe wodabwitsa. Iwo sanamutche chinthu.

Chimene chinamutchukitsa n'chakuti ankayenda choimirira, ndi miyendo iwiri, ubongo usanakule. Ndimakonda "choimirira" kuposa "mowongoka", chifukwa kuyenda mowongoka kungatanthauzenso kuyenda osakhota. Umboni wake uli m'mafupa. Chiuno chake n'chachifupi ndi chotambalala ngati mbale, chosiyana ndi cha chimpanzi chimene n'chachitali. Fupa la ntchafu limapendekekera mkati potsikira kubondo, kuti phazi liziponda pansi penipeni pa thupi. Palinso bowo la pansi pa chigaza, pamene mutu umakumana ndi msana: kwa oyenda choimirira limakhala chapakati, kwa oyenda ndi miyendo inayi limakhala chakunkhongo. Bowo limeneli ndi limodzi mwa zimene katswiri wa mafupa Raymond Dart anaona pa chigaza chakalekale cha mwana chopezeka ku Taung, ku South Africa, mu 1924. Mukaona mayi akutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu, nkhata ili pansi pake, manja ali pambali, khosi lili njo, mwaona ntchito ya bowo limeneli. Mutu wakhazikika pamwamba pa msana ngati mtsuko pa nsanamira.

Aphunzitsi a ku Chibavi, ndibwerere kwa inu, chifukwa pali malo amodzi pamene "kusanduka" ndi mneni woyenera. Mafupa onsewa anakwiririka m'dothi, madzi a pansi n'kumalowetsamo michere ya m'nthaka pang'onopang'ono mpaka fupa lomwelo linauma n'kulemera ngati mwala. Pamenepo chinthu chimodzi chomwecho chasandukadi china. Ndiye "mafupa osanduka mwala" ndi Chichewa cholondola, ndipo ana sachiiwala. Ku Laetoli, ku Tanzania, gulu la Mary Leakey linapeza mu 1978 mapazi odindika m'phulusa la phiri lophulika, limene linanyowa ndi mvula n'kuuma zaka zoposa 3.6 miliyoni zapitazo. Mwana wa Chichewa amene anamvapo za mapazi a pathanthwe la Kaphirintiwa ku Dzalanyama sangadabwe kuti mwala ungasunge phazi, ngakhale kuti nkhani ziwirizi n'zosiyana ndipo muziwauza choncho.

Kuno mvula sisowa. Tsiku lina ikangokata, tulutsani ana panja, mmodzi avule nsapato aponde m'matope ofiira aja. Awerame aone: chidendene chalowa kwambiri, pakati pa phazi pangokhudza pang'ono, chala chachikulu chadinda mwamphamvu ndipo chili pamzere umodzi ndi zinzake, sichinatayikire pambali ngati cha chimpanzi chogwirira nthambi. Kenaka muwaonetse chithunzi cha ku Laetoli, muwafunse atchule m'Chichewa chilichonse chimene akuonapo.