Kwa mayi wa ku Salima amene akufunsa zoberekera anthu ena mwana

Achemwali amene mwafunsa mosadzitchula dzina, ndawerenga funso lanu komanso zimene anthu akuyankha. Mwati muli ndi ana awiri, mumakhala chakunyanja kuno ku Salima, geni ya nsomba yalowa pansi, ndipo munthu wina wa ejensi wakupezani pa WhatsApp kuti mukanyamulire mimba banja lina la kunja. Akuti akulipirani madola, pasipoti ndi tikiti ndi zawo. Mukufuna kudziwa ngati zimenezi zimachitikadi, ngati mwanayo adzakhale wamagazi anu, komanso ngati muvomere. Ena akunyozani, ena akuti nyamukani mawa lomwe. Onsewo sakukuthandizani. Ine ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri m'zipatala za m'mbali mwa nyanja muno, ndiye ndikuyankhani monga munthu amene waona chimene mimba imachita m'thupi la mayi.

Zimachitikadi, si bodza ayi. Chiyambireni pamene Louise Brown, mwana woyamba kubadwa kudzera mu njira ya IVF, anabadwa ku England mu 1978, madokotala amatha kutenga dzira la mayi ndi umuna wa bambo n'kuziphatikiza mu labotale. Kamluza kakakula masiku atatu kapena asanu, amakalowetsa m'chiberekero ndi kachubu kakang'ono kopyapyala, kodzera kunjira ya abambo, osang'amba paliponse. Pa surrogacy (kuberekera anthu ena mwana) ya mtundu umene akukuuzaniwo, chiberekerocho chimakhala chanu koma dzira si lanu, choncho mwanayo satengera magazi anu, sadzafanana ndi inu kapena ana anu. Amene akufanizira nkhaniyi ndi za fisi alakwitsa, palibe kugonana ndi munthu aliyense. Ndipo gwirani pamenepa: ngati ejentiyo atadzanena kuti agwiritse ntchito dzira lanu, kapena kuti pali njira yachidule yosadzera kuchipatala, dulani foniyo pomwepo.

Sindikuona chochititsa manyazi pa mayi amene waberekera mnzake amene anachotsedwa chiberekero kapena amangopita padera. Ndakhala nawo amayi oterewa pa benchi ya chipatala, ndikudziwa mmene amalirira komanso mayina amene apongozi awo amawatchula. Nkhawa yanga ili pa inuyo: zinthu zikavuta, adzakuimirirani ndani?

Ma ejensi enieni sathamanga. Asanakulandireni amafuna mabuku anu onse a kusikelo a ana awiri aja, kuti aone ngati munachira bwinobwino. Malangizo amene madokotala a ku America amatsata amati mayi akhale wa zaka za pakati pa 21 ndi 45, woti anaberekapo popanda vuto, asanabereke kupitirira kasanu, ndiponso asanapangidwe opareshoni ya siza kupitirira katatu. Amayeza HIV, hepatitis B ndi C, chindoko, amaunika chiberekero, amayezanso amuna anu. Mumakhala pansi ndi mlangizi wa za maganizo, kenako loya wanu, osati wa banja lija, amakuwerengerani mgwirizano mzere ndi mzere. Zonsezi zimatenga miyezi, jakisoni woyamba asanakulaseni. Ndiye dzifunseni: munthu wa pa WhatsApp uja wakufunsani buku la kusikelo, kapena wangofuna chithunzi chanu ndi chitupa chaunzika?

Tsopano za thupi, chifukwa apa ndi pamene ma ejenti amadumpha. Mimba imeneyi siyamba yokha. Mumamwa mankhwala a estrogen kuti khungu la m'kati mwa chiberekero likhuthale, kenako progesterone, amene m'zipatala zambiri amakhala jakisoni wamafuta wa pathako tsiku ndi tsiku, ena amapereka wolowetsa kumusi. Mimba ikagwira mumapitiriza mpaka masabata 10 kapena 12. Pathako pamatuluka timibulu tolimba, pokhala pamafunika kupendekeka, mutu umapweteka, mtima umangokwiya kapena kulira popanda chifukwa. Akaika kamluza mumadikira pafupifupi masabata awiri kuti ayeze magazi, ndipo nthawi zambiri ndithu mimba imakana ulendo woyamba, n'kuyambiranso mankhwala pachiyambi. Nyengo yonseyo amakuletsani kukhala malo amodzi ndi amuna anu, kuopa kuti mungatenge mimba yawo m'malo mwa ya eni ake.

Musadzinamize kuti poti awiri aja munachira mosavuta, iyinso ikhala chimodzimodzi. Mwana amene alibe magazi anu thupi limamulandira mosiyana. Kafukufuku wamkulu wa ku Ontario, Canada, amene anatuluka mu 2024, anapeza kuti mavuto aakulu a uchembere anagwera amayi 7.8 pa 100 alionse oberekera ena, pamene kwa amayi otenga mimba mwachibadwa anali 2.3. Amene ankabwera kwambiri ndi kutaya magazi ochuluka pochira, BP yokwera kwambiri ija imatupitsa nkhope ndi manja mpaka kukomola mayi, komanso matenda olowa m'magazi akachira. Uko ndi ku Canada, kumene magazi oonjezera amakhalapo nthawi zonse ndipo ambulansi sidikira mafuta. Amene sanaone mayi akutaya magazi atachira sadziwa liwiro lake. Mwana walira, aliyense akumwetulira, mwadzidzidzi nsalu yanyowa, ina yanyowanso, milomo ya mayi yayera, akuti "ndikumva kuzizira," mzamba dzanja lili pamimba kusisita chiberekero kuti chilimbe uku akukuwira mnzake kuti abweretse diripi. Nthawi zina chopulumutsa moyo chimakhala kuchotsa chiberekero chonse. Ngati mukufunabe mwana wanu wachitatu, ganizirani zimenezi bwino.

Zipatala zina zimakonda kuika timiluza tiwiri kuti mwayi uchuluke ndipo eni ndalama asalipire kawiri. Mapasa ndi BP, ndi ana obadwa masiku osakwana, ndi mpeni. Mayi wanzeru amalembetsa mumgwirizano kuti aike kamodzi kokha. Ambirinso amachiritsa amayiwa ndi siza pa tsiku lokonzedwa kale kuti eni mwana akhalepo. Chipsera chimenecho mudzabwerera nacho kuno, ndipo mimba iliyonse yotsatira idzafunika kudikirira ku chipatala chachikulu, pa Boma kapena ku Lilongwe, osati kwa azamba a pa health centre.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi lamulo. Kuno ku Malawi tilibe lamulo lapadera lolongosola za surrogacy. Kuchipatala, mayi amene wachira ndi amene timamulemba pa fomu yopita ku NRB kuti ndiye mayi wa mwana. Kusamutsa mwana kupita kwa anthu ena kumadzera ku khoti ndi ku ofesi ya social welfare. Lamulo la ana la 2010 limaletsa kugulitsa mwana, ndipo mu 2015 kunabwera lamulo lothana ndi mchitidwe wogulitsa anthu. Ndiye mayi akapereka khanda kwa alendo n'kulandira ndalama popanda khoti, wapolisi sadzayamba ndi kufunsa kuti dzira linali la ndani.

Yerekezani ndi ku South Africa, kumene nkhaniyi anailemba mu Children's Act ya 2005. Kumeneko mgwirizano uyenera kuvomerezedwa ndi High Court mimba isanaikidwe. Mayi woberekayo ayenera kukhala wokhazikika m'dzikomo, akhale ndi mwana wake wamoyo, mwamuna wake avomere molemba, ndipo kulipidwa ngati malonda n'koletsedwa, amangobwezeredwa zimene waononga, malipiro amene wataya ndi inshuwaransi. Choncho wina akakuuzani kuti mukwere basi ya ku Joni mukabereke n'kulandira ndalama zambiri, akukuitanirani ku chinthu chimene lamulo la kumeneko silikuloleza. Ku UK nakonso malonda oterewa analetsedwa mu 1985.

Mayiko amene anatsegula chitseko cha malonda ambiri anachitsekanso ataona zimene zinkachitikira amayi osauka. Ku Thailand nkhani inaphulika mu 2014 pamene mayi wina anaberekera banja la ku Australia mapasa. Wamkazi anapita ndi makolowo, wamwamuna, amene anabadwa ndi Down syndrome, anatsala m'manja mwa mayi womubereka. Mu 2015 Thailand inaletsa kuberekera alendo, India nayo inatseka kwa alendo chaka chomwecho, Cambodia inaletsa mu 2016. Malondawo sanathe, anangoyamba kusamutsa amayi kuchoka dziko lina kupita lina mobisa. Kumapeto kwa 2024 khoti la ku Cambodia linapeza amayi 13 oyembekezera a ku Philippines olakwa pa mlandu wogulitsa anthu. Ma ejenti anawapeza amayiwo pa intaneti, monga mmene akupezerani inuyo. Pambuyo pake anakhululukidwa n'kubwezedwa kwawo, koma amene anaima m'khoti ndi mimba zawo anali amayiwo.

Ife a Malawi sitifunikanso kuphunzira kutali. Tonse tinamva za atsikana ndi amayi athu amene anapita ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino ndi ma ejenti, atafika anawalanda mapasipoti, ena anabwerako ali odwala, ena anafera komweko. Iwo anali ndi thupi limodzi loti athawe nalo. Inu mudzakhala ndi mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ya mwana wa eni ake, m'nyumba imene adilesi yake simukuidziwa, m'dziko limene chilankhulo chake simukumva. Mudzathawira kuti, ndipo pachipata cha dziko mudzati mwanayo ndi wa ndani?

Za ndalama, musamve chiwerengero chachikulu chokha. Kumene zinthuzi zimayenda mwadongosolo, banjalo limaika ndalama zonse ku akaunti yosungidwa ndi munthu wachitatu mankhwala asanayambe, ndipo mayi amalandira mwezi ndi mwezi kuyambira pamene mtima wa mwana wamveka. Amalemberatu kuti mimba ikakana mulandira zingati, mukapita padera zingati, siza zingati, chiberekero chikachotsedwa zingati, ndipo mukamwalira ana anu alandira zingati kuchokera ku inshuwaransi. Ejenti wonena kuti "zonse mudzalandira mukapereka mwana" akukuuzani kuti mwana akabadwa wakufa kapena wolumala mudzabwerera ku Senga Bay chimanjamanja. Wina amakuuzani kuti mutumize kaye ndalama ya fomu pa Airtel Money kapena Mpamba. Ameneyo alibe banja lililonse lofuna mwana, akufuna ndalama ya fomuyo basi.

Palinso mzere wina umene umakhala m'migwirizano yambiri, woti sikani ikaonetsa kuti mwana ali ndi vuto, eni ake akhoza kupempha kuti mimba ichotsedwe. Kodi mtima wanu ndi chipembedzo chanu zingalole? Mukakana, ndalama zimaima? Mwanayo akabadwa adzamutenga? Funso limeneli muliyankhe muli pakhonde panu, osati muli chigonere pa bedi la chipatala cha eni.

Kunyumba nakonso kuli nkhani. Simunanene ngati amuna anu akudziwa. Mimba sibisika, ndipo kuno kwathu mwana si wa anthu awiri okha, atsibweni ake, agogo, ankhoswe, onse adzafunsa kuti ali kuti. Mukabwera opanda khanda kumsana, pa mjigo adzati munagulitsa mwana, ndipo ana anu awiri adzazimva kusukulu. Thupi nalo silidziwa za mgwirizano. Pakatha masiku awiri kapena atatu mawere amadzaza, amauma gwa, mkaka umadontha pa bulauzi, woyamwa palibe. Amayi ambiri amene anachita izi ndi mtima wonse, akudziwana ndi banjalo, amapirira bwino ndipo amakhala okondwa ndi zimene anachita. Koma amakhala ndi aphungu, ndi abale pafupi, ndi dokotala wowaona masabata otsatira. Mfunseni ejentiyo kuti mukadzachira adzakusamalani masiku angati, ndipo bala likadzatukusira muli kuno adzalipira ndani.

Maganizo anga ndi akuti musapite, osati mwa njira imene mwafotokozayi. Ndikudziwa kuti n'zosavuta kunena kwa munthu amene sakusowa fizi ya mwana, ndipo sindikupeputsa mavuto anu. Koma pa zimene mwalemba, palibe dzina la chipatala, palibe dzina la dziko lenileni, palibe loya, palibe khoti, ndipo akukufulumizitsani kuti malo atsala ochepa. Izi si zizindikiro za anthu amene adzakhale pambali panu BP ikadzakwera.

Ngati mtima ukukukokanibe, musanatumize chikalata chilichonse mulembereni kuti akupatseni dzina la kampani ndi nambala imene inalembetsedwa ku boma la dziko lawo, dzina la chipatala ndi la dokotala, lamulo la dzikolo lolola mlendo kuberekera ena, mtundu wa viza imene mudzalowere, ndi mgwirizano wonse wolembedwa. Mufunsenso kuti pasipoti idzakhala ndi ndani, tikiti yobwerera mudzaigwira m'manja liti, komanso ngati mungalankhule pa vidiyo ndi banjalo. Zimene angakutumizireni mupite nazo ku Legal Aid Bureau kapena ku Women Lawyers Association akakuwerengereni, mudutsenso ku ofesi ya social welfare pa Boma. Kachipatala kanu mukayezetse BP ndi kuchuluka kwa magazi, chifukwa ndi malungo athu akunyanjawa amayi ambiri amayenda ndi magazi ochepa osadziwa.

Ngati mwamutumizira kale chithunzi cha chitupa chanu kapena ndalama, musafufute mauthengawo. Jambulani zonse, nambala yake, dzina limene akudzitchula ndi tsamba limene munamupezapo, mupite nazo ku Victim Support Unit pa polisi ya Salima. Ndipo amayi ena amene munthu yemweyu wakulemberani, nanunso chitani chimodzimodzi, chifukwa anthu amenewa salembera mayi mmodzi.