Musanaponye bid pa Canon ija achimwene, funsani kaye serial number

Achimwene, mwafunsa kuti geni ya makamera a second hand imeneyi timaiyendetsa bwanji, komanso za Canon 5D Mark III ija mwaiona pa auction ya pa intaneti, yomwe mukuti mtengo wake sukufika olo theka la mmene ena akugulitsira, kuti kodi muponye bid kapena musiye. Ndiyambe ndi za geni poti nzachidule, nkhani yaikulu ili pa kamerayo.

Ambiri a ife katundu timakatenga ku Joni. Basi imanyamuka mu Blantyre muno kudzera pa Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Park Station ku Johannesburg, tsiku ndi theka ngati pa boda sipanavute. Koma masiku ano sunyamuka usanaone katundu, umayamba kusaka uli konkuno pa foni, Facebook Marketplace, Gumtree, Bob Shop ija kale inkatchedwa bidorbuy, ndiye ukafika kumangokhala kukaona ndi maso nkulipira. Za pa eBay zimafuna khadi ya kubanki yoti ikhoza kulipira kunja, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu ambiri amadzera kwa m'bale wawo ali ku Joni kapena ku UK, iyeyo ndi amene amalipira nkulandira katunduyo kenako amapatsira ma transporter. Pobwera pa Mwanza umaonetsa katundu kwa a MRA nkulipira msonkho, ndipo amafuna lisiti kuti aone unagula zingati. Ogula athu mukuwadziwa kale, ojambula maukwati ndi zinkhoswe, anyamata a ma graduation, matchalitchi omwe amaonetsa mapemphero pa Facebook. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 phindu linachepa zedi, nde munthu ukaona kamera yotchipa mtima umathamanga, ndikukumvetsani bwino lomwe.

Koma wojambula weniweni amadziwa mtengo wa chida chake, sangachitaye pa theka. 5D Mark III inatuluka mu 2012, ndi yakale inde koma anthu akuidyerabe pa maukwati mpaka lero ndipo mtengo wake ndiwodziwika, pa eBay mutha kusankha kuti akuonetseni zomwe zinagulidwa kale, sold items, muone ndalama zomwe anthu analipiradi osati zomwe ogulitsa akungotchula. Pa auction mtengo kuyambira pansi sizachilendo, umakwera mmaminitsi omaliza. Chondidetsa nkhawa ine ndi wogulitsa wofuna kuti zithe msangamsanga, auction ya tsiku limodzi pomwe eBay imalola mpaka masiku 10, akaunti yotsegulidwa mwezi womwe uno yopanda feedback (ndemanga za anthu omwe anagulako kwa iyeyo) olo imodzi, kapena munthu yemwe mbiri yake yonse ndi yogulitsa nsapato ndi mafoni lero mwadzidzidzi ali ndi makamera atatu ndi malenzi asanu.

Chachikulu pa zonse ndi serial number. Kamera iliyonse ili ndi nambala yakeyake pansi pa body (kamera payokha yopanda lenzi), pafupi ndi pomangira tripod, lenzi nayo ili ndi yake pathupi pake kapena cha pa mount, pomwe imalumikizana ndi kamera. Muuzeni wogulitsayo ajambule nambalayo ionekere bwino, pambali aike kapepala kolembapo dzina la akaunti yake ndi deti la lero ndi dzanja. Mwini katundu weniweni izi sizimuvuta, mwina angabise manambala pachithunzi cha pagulu poopa akathyali omwe amakopera zithunzi za anzawo, izo nzomveka, koma ku inbox amakutumizirani. Akayamba zoti kamera ili kwa mlamu, kapena stika ya nambalayo inafufutika yokha, pamenepo imani. Stika imatha kukalamba inde, koma kukalamba ndi kupalidwa ndi lezala zimasiyana, body ikuwala bwinobwino koma pa nambala pokha ndi pokalikakalika, ameneyo ndi munthu wachita dala.

Ndiye pali china chomwe mbava zambiri sizidziwa. Makamera ambiri a Canon ndi Nikon amalemba serial number mkati mwa chithunzi chilichonse, mu zomwe amati EXIF. Mupempheni akutumizireni chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi kamerayo pa imelo, file yeniyeni, osati kungoponya pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chifukwa imachotsa zonsezo. Mukachitsegula pa kompyuta ndi pulogalamu yoonetsa EXIF muona nambala, muifananize ndi ya pa stika ija, komanso ndi ya pa bokosi ndi pa kadi ya waranti ngati zilipo. Mmomo momwemo muli malo a dzina la wojambula ndi copyright, ojambula a ntchito ambiri amalemba dzina lawo kapena la studio mu menu ya kamera ndipo limatsatira chithunzi chilichonse. Wogulitsa akukuuzani dzina lina, mu file mukutuluka dzina la studio ina ya ku Pretoria, mufunseni kuti ameneyu ndani. Mwina anagula kwa iyeyo mwachilungamo, zimachitika, ndiye akhale ndi yankho, ndipo inu mutha kuisaka studioyo pa Facebook nkuwafunsa eni ake ngati anagulitsadi. Pa Nikon shutter count, chiwerengero cha zithunzi zomwe kamera yajambulapo, imatulukanso mu file momwemo, pa Canon pamafunika pulogalamu ina. Shutter ya 5D Mark III anaipangira ma shot 150,000, nde wina akamati ndangoigwiritsa ntchito kawiri koma count ili kutali, mwadziwa kale kuti mbiri ya kamerayi sakuidziwa. Serial number ija ilembeninso pa Google, ndi pa mawebusayiti ngati Lenstag ndi Stolen Camera Finder komwe anthu oberedwa amalembetsa katundu wawo. Ikapanda kutuluka musati basi ili bho, ojambula ambiri a kuno kwathu ndi ku Joni salembetsa kumeneko.

Onaninso zomwe zikusowa. Munthu wothyola galimoto kapena wotsomphola chikwama pa ukwati amatenga zomwe zinali mchikwamamo basi, tchaja imakhala yatsala kunyumba kwa mwini wake pa soketi. Nde mupeza body, malenzi awiri, flash, ma memory card, batire limodzi la LP-E6 lomwe linali mkati, koma tchaja palibe, bokosi palibe, lisiti palibe. Chimodzi chokha kusowa si mlandu, anthu amataya mabokosi, koma zonse pamodzi kuphatikiza wogulitsa wosadziwa chomwe akugulitsa, walemba kuti big Canon lens pomwe ndi 70-200 f/2.8 yomwe payokha itha kuposa mtengo wa body, kapena waphatikiza body ya Canon ndi lenzi ya Nikon zomwe sizilowana popanda adapter, aaa pamenepo ine sindipitiriza. Mfunseni kafunso kakang'ono, kuti mumajambula zotani, munagula kuti, mukugulitsiranji. Wojambula akayamba kufotokoza za kamera yake sasiya msanga. Winayo amangoti ili bwino boss, tumizani ndalama. Mukaona mabowo a zomatira pomwe panali stika ya kampani kapena sukulu, kaya nambala yozokota pa body, dziwani kuti ndi katundu wa bungwe kapena wa malo obwereketsa makamera, ndipo amenewo akamagulitsa amapereka pepala.

Pa kalipiridwe, wina akati tichoke pa auction tikambirane pa WhatsApp ndikuchotserani, kanani. Mukalipira kunja kwa eBay chitetezo chawo chobweza ndalama sichikukhudzaninso. Ku Joni mukamakumana ndi wa pa Marketplace kumanani mu mall masana, muone ID yake, alembe kapepala kogulitsirana kokhala ndi serial number asayine. Wokana kuonetsa ID msiyeni apite. Nchifukwa chake ine ndimakonda mashopu a second hand olembetsedwa olo mtengo ukwereko pang'ono, ku South Africa kuli lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 lomwe limawakakamiza kulembetsa ku polisi, kulemba ID ya aliyense wowagulitsa katundu, ndi kusunga katunduyo masiku 7 asanamugulitse. Lisiti la kumeneko ndi lomwe mukaonetse pa Mwanza, ndi lomwenso mudzapatse kasitomala wanu kopi.

Kugula kamera yopanda mbiri kuli ngati kugula ng'ombe usiku yopanda kalata ya kwa amfumu, tsiku lomwe mwini wake adzaizindikire mudzataya ng'ombe ndi ndalama zomwe. Kuno kwathu kulandira katundu wakuba ndi mlandu pawokha, ndipo zoti sindimadziwa zimavuta kuzikhulupirira ngati munagula pa theka la mtengo popanda pepala lililonse. Komanso si makamera onse obedwa amachokera kunja, ena amabedwa konkuno ku Chilomoni, Ndirande, Bangwe nkuikidwa pa Facebook mawa lake, ndipo ojambula a mu Blantyre amadziwana, amatumizirana ma serial number m'magulu awo wina akaberedwa. Kasitomala wanu akalandidwa kamera pakati pa chinkhoswe anthu akuona, dzina lomwe lidzatchulidwe ku polisi ndi lanu. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri ine, woberedwayo ndi munthu ngati makasitomala athu omwewa, anatenga ngongole kuti agule chida chimenecho, ndipo pa card paja pamakhala zithunzi za ukwati wa anthu zomwe sizingajambulidwenso. Ife tikamagula ndi amene timapangitsa kuti mbava ibwerere kukathyola galimoto ina.

Nde pa 5D yanuyo, mulembereni lero lomwe, apereke chithunzi cha serial number ndi kapepala kaja, file imodzi yochokera mu kamera, anene komwe anagula ndi komwe kuli tchaja. Akayankha zonse bwinobwino ponyani bid, koma muyambe mwawerengera transporter ndi msonkho wa pa Mwanza kuti mudziwe polekezera. Akazemba olo funso limodzi la nambala musiyeni, ndalama yomweyo onjezerani pang'ono muyang'ane Canon 6D kapena Nikon D750 ya mushopu yokhala ndi lisiti, ojambula maukwati kuno amazigula bwino lomwe.