Musanayeze buti, ganizirani kaye amene azinyamula

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati amayi maondo awasautsa moti sakutha kuyenda mtunda, mukufuna kuwagulira kasikuta ka magetsi koyendera anthu ovutika kuyenda, kaja kophwasulika, koma galimoto yanu ndi yaing'ono ndiye simukudziwa ngati kakwanamo. Mwafunsanso ngati angamakhale pa sikutapo m'galimoto muli pa ulendo. Ine ndakhala ndikukweza ndi kutsitsa sikuta ya bambo anga kwa zaka zinayi tsopano, choncho ndiyankha zonse ziwiri. Koma ndiloleni ndiyambe ndi funso limene simunafunse, chifukwa ndi limene linatizunza ife: kodi azinyamula ndani?

Kukwana kokha, masikuta ambiri ang'onoang'ono amakwana ngakhale m'buti yochepa. Chimene chimagonjetsa anthu ndi kukweza ndi kutsitsa. Taganizani ulendo umodzi wokha wa kuchipatala. Mukweza pakhomo, mutsitsa mukafika, mukwezanso ponyamuka, mutsitsanso kunyumba. Ndi kanayi kumeneko, ndipo mukapatukira pena pake kuwonjezekera kawiri. Sabata yoyamba aliyense amakhala ndi changu. Pofika mwezi wachitatu msana wayamba kudandaula, ndipo munthu wamkulu amaona. Bambo anga sananenepo kanthu, koma anayamba kumati "pitani nokha, ine ndatopa lero," ngakhale pa maulendo amene ankawakonda. Zinanditengera nthawi kuzindikira kuti sanali otopa ayi. Ankandimvera chisoni akamandiona ndikuwefuka kumbuyo kwa galimoto. Sikuta imene tinagula kuti azituluka inayamba kuwatsekera m'nyumba, ndipo mpaka pano zimandipweteka ndikakumbukira miyezi imeneyo.

Ndiye pokagula, nambala imene muifunse si kulemera kwa sikuta yonse koma kulemera kwa chidutswa cholemetsetsa. Masikuta ophwasulika amagawika zidutswa zinayi kapena zisanu: mpando, basiketi, bokosi la mabatire, gawo lakutsogolo lomwe lili ndi chiwongolero ndi popondapo, ndi gawo lakumbuyo lomwe lili ndi mota. Zonse pamodzi zimafika makilogalamu 40 mpaka 50, koma chidutswa cholemera kwambiri nthawi zambiri chimakhala cha makilogalamu pafupifupi 15. Palinso mtundu wina wongopinda osaphwasula. Umaoneka wosavuta chifukwa umapindika m'kanthawi kochepa, koma mumaunyamula wonse nthawi imodzi, makilogalamu 20 mpaka 30. Kwa munthu wamphamvu zake ndi bwino, kwa ambiri a ife ndi katundu woti n'kupweteka naye. Chenjeraninso ndi zolembedwa pa kapepala ka malonda, chifukwa ena amalemba kulemera kwa sikuta yopanda mabatire kapena yopanda mpando.

Musagule musanayese ndi manja anu, pa galimoto yanu yomweyo. Kutukula chinthu cha makilogalamu 15 kufika m'maondo si nkhani. Kuchikweza kudutsa bampala, mutatambasula manja, mutawerama kuti muchiike mkati, ndi ntchito ina ndithu, ndipo pamenepo ndi pamene misana imathyokera. Ogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwina. Ngati azinyamula kawirikawiri ndi munthu wina, kaya amuna anu kaya mwana wanu, ayese iyeyo. Amayi nawonso apite, akhalepo, aone momwe ikuphwasulidwira.

Tsopano za kuyeza. Tengani tepi muyeze zinthu zinayi: kutambalala kwa buti pamalo popanikizika kwambiri, pomwe nthawi zambiri ndi pakati pa zotupa za matayala akumbuyo zija, kutalika kwa khomo la buti kuchoka pansi pake kufika pamwamba, kuchoka pakhomo kufika pa msana wa mipando yakumbuyo, ndi kuchoka pansi pa msewu kufika pa mlomo wa buti. Kumbukirani kuti galasi lakumbuyo la magalimoto ambiri ndi lopendekera, ndiye chinthu chikhoza kulowa bwinobwino koma chitseko n'kukana kutseka. Buti yosalala, yomwe pansi pake n'pofanana ndi pakhomo, ndi yabwino koposa chifukwa mumangotsamiritsa chidutswa pa mlomo n'kukankha. Buti yakuya imakukakamizani kutsitsira katundu m'dzenje n'kudzamuzulanso, ndipo kuzulako n'kowawa kuposa kuika. Ine ndimayala kabulangeti kokhuthala kuchokera mkati kulendewera pa bampala. Kamateteza penti, komanso katundu amatsetsereka mosavuta.

Chidutswa chimene chimasokoneza malo si cholemera chija ayi, ndi mpando. Ndi wopanda maonekedwe oti n'kuulongedza bwino, uli ndi kachitsulo pansi ndi zotsamiritsa mikono m'mbali. Ukakana m'buti, uikeni pa mpando wakumbuyo wa galimoto muumange ndi lamba ngati munthu.

Kuphwasula mudzazolowera msanga. Imani pamalo athyathyathya, zimitsani sikuta, chotsani kiyi muike m'thumba. Zulani mpando, chotsani basiketi, tukulani bokosi la mabatire, gwetsani chiwongolero pansi n'kuchikhoma kuti matayala akutsogolo asamagwedezeke, kenako kokani kachitsulo kolekanitsa gawo lakutsogolo ndi lakumbuyo. Polumikiza mumangobwerera m'mbuyo momwemo. Pindani maondo osati msana, ndipo katundu akhale pafupi ndi thupi. Musapotoke muli chinyamulire, sunthani mapazi.

Pali kachitsulo kena kumbuyo pafupi ndi mota kamene ndikufuna mukadziwe bwino. M'buku la sikuta amakatchula kuti freewheel. Masikuta amenewa alibe buleki yoponda kapena yofinya ngati ya njinga. Buleki yake ndi ya magetsi, imagwira yokha munthu akangosiya chothamangitsira. Mukatembenuza kachitsulo kaja kuti muzitha kukankha sikuta ndi manja, buleki yonse imachoka. Choncho amayi asakhalepo kali komasula, makamaka pamalo otsetsereka, ndipo m'galimoto kazikhala kokhoma kuti matayala asagudubuzike. Tsiku lina mudzalumikiza zonse bwinobwino koma sikuta n'kumangolira osayenda. Musathamangire kwa amakaniko. Kawirikawiri ndi kachitsulo komweko mwakaiwala. Zimitsani, kabwezereni, yatsaninso. Zikakanikabe onani ngati bokosi la mabatire lakhala bwino m'malo mwake, ndipo dinani kabatani kamene kamakhala pa bokosilo, kamene kamadula magetsi mota ikalemedwa.

Pa nkhani yomanga ndikhalitsapo, chifukwa apa ndi pamene ine ndinalakwitsa. Chaka choyamba ndinkangolongedza zidutswa m'buti osamanga, poganiza kuti n'zolemera sizingasunthe. Tsiku lina munthu anadumpha msewu mwadzidzidzi, ndinaponda buleki mwamphamvu, ndipo bokosi la mabatire linauluka n'kudzamenya msana wa mpando wakumbuyo mpaka chikuto chake kung'aluka. Pampando umenewo panali mwana wanga. Sanavulale, koma ndinayima m'mbali mwa msewu manja akunjenjemera. Ndipo kumeneko kunali kungoponda buleki, osati ngozi. Pamene akatswiri amayesa njinga za olumala ngati zingapirire ngozi ya galimoto, potsata muyezo wotchedwa ISO 7176-19, amaziwombetsa pa liwiro la makilomita 48 pa ola, ndipo mphamvu yake imafika kuchulukitsa kulemera kwa chinthu ka 20. Ndiye kuti pa ngozi yotero chidutswa cha makilogalamu 15 chimakankha ngati cha makilogalamu 300. Liwiro limenelo ndi la m'tauni chabe.

Choncho zolemera ziikeni pansi penipeni, zitsamire msana wa mipando yakumbuyo kuti zisakhale ndi mpata wothamangira. Gulani malamba omangira katundu aja okhala ndi chokungira chachitsulo, muwakoloweke pa mphete zimene zimakhala m'makona a buti. Magalimoto ambiri ali nazo, nthawi zina zimabisika pansi pa kapeti. Zingwe zotamuka zija zokhala ndi ngowe musazidalire, zimangoletsa katundu kugwedera koma pa ngozi sizigwira kanthu. Lamba adutse pa chitsulo cha sikuta, osati pa pulasitiki kapena pa chiwongolero pomwe pali mawaya. Ngati kumbuyo kulibe munthu, mangani malamba a mipandoyo ngakhale ili yopanda anthu, amathandiza kulimbitsa msana wa mpando. Kugwetsa mipando yakumbuyo kuti mupeze malo n'kotheka, koma dziwani kuti mwachotsa khoma limene linali pakati pa katundu ndi mitu yanu, ndiye kumanga kwake kukhale kwenikweni.

Za kukhala pa sikuta m'galimoto, yankho ndi ayi, ngakhale mutabwereka galimoto yaikulu yolowa sikuta yathunthu. Mpando wa masikuta amenewa umangokhala pa kamtengo kachitsulo kamodzi, umazungulira ndipo umazuka mukangoutukula. Ubwino wake pophwasula ndi womwewo umene ungaphetse munthu pa ngozi. Sanapangidwe kuti munthu akhalepo galimoto ikuyenda, ndipo alibe malo omangirapo oyesedwa. Amayi azikhala pa mpando wa galimoto atamanga lamba.

Momwe timachitira ife ndi motere. Bambo amayendetsa sikuta mpaka pa chitseko chakutsogolo, amazimitsa kaye asanadzuke kuti dzanja kapena chovala chisakhudze chothamangitsira, timazungulitsa mpando wa sikuta kuloza galimoto, timakweza chotsamiritsa mkono. Mpando wa galimoto timaubweza m'mbuyo mpaka kumapeto. Amayamba kukhala pansi chafutambuyo, kenako n'kulowetsa miyendo umodziumodzi. Kwa munthu wa maondo opweteka njira imeneyi ndi yopepuka kuposa kuyamba ndi mwendo. Akakhazikika m'pamene ndimayamba kuphwasula. Tikafika ndimalumikiza kaye, ndimayesa ngati ikuyenda, kenako ndimawatsegulira. Musawaimiritse panja kudikira inu mukulimbana ndi zitsulo. Poimika galimoto siyani malo okwanira kumbuyo ndi kumbali ya amayi, ndipo kumbuyo kwa galimoto kusaloze kumene kukudutsa magalimoto ena.

Mabatire alipo a mitundu iwiri. Akale aja a mtovu amakhala awiri a mavolti 12 m'bokosi limodzi, kupanga mavolti 24, ndipo bokosi laling'ono limalemera makilogalamu pafupifupi 9. Ndi omata, sataya madzi, komabe ndi bwino kuwaimika chilili ndi kuwatalikitsa ku masipanala ndi jeke kuti chitsulo chisakhudze polumikizira. A lithium ndi opepuka kwambiri, makilogalamu awiri kapena atatu. Ndi okwera mtengo, koma ife titasintha sikuta n'kutenga ya batire lotere m'pamene bambo anayambiranso kutuluka, chifukwa ankatha kulinyamula okha kukalitchaja m'nyumba ndipo ankamva kuti nawonso akugwirapo ntchito. Mtundu uliwonse umadana ndi kutentha. M'galimoto yotseka yoima padzuwa kutentha kumatha kupitirira madigiri 60, choncho batire lisamagone m'buti masiku ndi masiku. Muzitchaja mukangobwerako, chifukwa la mtovu likakhala lopanda moto nthawi yaitali limafa osadzukanso. Tchaja ikhale yake yomwe, ndipo pa ulendo wogona musaiiwale.

Mukayesa n'kupeza kuti kunyamula n'kosatheka, njira zilipo. Ena amagwiritsa ntchito rampu yopinda, kamlatho kotsetsereka kokwezerapo sikuta m'buti. Buti zambiri zili pa msinkhu wa masentimita 60 mpaka 70 kuchoka pansi, ndiye ngakhale rampu ya mamita awiri imakhala yotsetsereka ndithu. Sikuta imakwera yopanda munthu, inu mukuyenda pambali pake, ndipo wina asayerekeze kukwera ali pompo. Rampuyo payokha ndi katundu wolemera wofunanso malo, ndipo masikuta amenewa ndi ofupika pansi moti mimba yake imakonda kukodwa pamwamba pa rampu. Ngati sikuta ndi ya matayala atatu, rampu ya njanji ziwiri zolekana siigwira ntchito chifukwa tayala lapakati lilibe popondapo. Njira imene ndimaiona yabwino kwa munthu wonyamula yekha ndi kakireni kakang'ono komangirira m'buti, kotenga magetsi ku batire la galimoto. Mumangokoloweka n'kudina batani. Kali ndi malire a kulemera kumene kangakweze, ndipo kayenera kumangidwa ndi munthu wodziwa chifukwa kamagwira pa chitsulo cha galimoto. Palinso thireyi yomangirira pa chitsulo chokokera ngolo kumbuyo. Imeneyo onani kaye m'buku la galimoto kuti chitsulocho chimaloledwa kusenza makilogalamu angati, nthawi zambiri ndi pakati pa 50 ndi 100, ndipo muwerengere kulemera kwa thireyi yomwe. Nambala ya galimoto ndi magetsi akumbuyo zisabisike, ndipo sikuta muifunditse chifukwa mvula ndi fumbi zikalowa pa chiwongolero zimawononga za magetsi. Pa galimoto yaing'ono ngati yanu ine njira imeneyi sindingaiyambe.

Mukayeza buti, lembani pano manambala anayi aja, kulemera kwa chidutswa cholemetsetsa cha sikuta imene mwaiona, ndi amene azinyamula masiku ambiri. Ndidzakuthandizani kuona ngati zikugwirizana musanalipire. Amayi muwapatse moni.