Usanalembe pa gulupu ya banja, tamva za a Paston

Mdzukulu wanga wandifunsa kuti agogo, mlongo wanga wakalowa m'nyumba ya mnyamata wogwira ntchito pa shopu ya bambo, ndiye ndikufuna ndilembe pa gulupu ya banja ya WhatsApp kuti ameneyu si m'bale wathunso, ndilembe?

Usalembe mwanawe. Ika kaye foniyo pansi ndikuuze za banja lina la ku Norfolk ku England, a Paston, anthu a minda yambiri ndi nyumba zikuluzikulu, amene makalata awo oposa 1,000 a pakati pa 1422 ndi 1509 alipobe mpaka lero, ambiri ku British Library.

Mu 1469 zinadziwika kuti mwana wawo Margery analumbirirana mobisa ndi Richard Calle, kapitawo wawo amene ankatolera lendi ndi kusunga mabuku a ndalama. Nthawi imeneyo kumeneko awiri akangouzana mawu oti ndakutenga, tchalitchi chinkawerenga kuti ukwati watheka, popanda wansembe popanda mboni, zathu za ankhoswezi kunalibe. M'nyumba munayaka moto. Mchimwene wake John analemba kalata yoti sangavomere mpang'ono pomwe kuti mlongo wake azikagulitsa makandulo ndi mpiru ku Framlingham, kunyoza kwawo kwa mnyamatayo kuti ndi anthu a tiokala. Apa ndimaseka ine, chifukwa agogo a bambo awo, Clement Paston, anali mlimi wamba wogwira yekha pulawo, anachita kukongola ndalama kuti mwana wake William apite kusukulu, ndipo William uja ndi amene anayamba kugula minda nkudzakhala jaji mu 1429. Mibadwo itatu yokha, aiwala kale fungo la dothi. Iwenso ukafunse bambo ako kuti shopu ija inayamba bwanji, ine ndikudziwa koma akuuze okha.

Nkhani inafika kwa bishopu wa ku Norwich, Walter Lyhert, anawafunsa awiriwo aliyense payekha, ndipo Margery anabwereza mawu amene analumbira nkunena kuti ngati sakukwanira awonjezera pompo kuti zitsimikizike. Mayi ake a Margery, dzina lawo Margaret, atamva anauza antchito kuti asamutsegulire chitseko, kenako analembera mwana wawo wamkulu kuti asadandaule, amene watayikayo ndi wachabechabe. Mayi womubereka ameneyo. Mwina ananena mtima uli m'mwamba, chaka chomwecho Duke wa ku Norfolk, bwana wamphamvu wa m'deralo, anazinga nyumba yawo ya Caister nkuwalanda, mavuto anali thoo, koma pepala silidziwa kuti munthu analemba atatopa, limangosunga basi, ndipo taona ine nkhalamba ndikukuuza mawu akewo patatha zaka zoposa 550.

Calle naye analembera Margery kalata yachikondi nkumupempha kuti ukangowerenga uyiwotche, munthu wina asayione. Sinawotchedwe, ilipo. Ndiye iwe ukuganiza kuti ukalemba pa gulupu nkudilita ndiye kuti zatha, pamene azakhali ako atenga kale sikirinishoti?

Sindikuti mlongo wako wachita bwino ayi, kulowana popanda ankhoswe nkulakwa ndipo ndimuuza ndekha pamaso. Koma imeneyo ndi nkhani ya amalume ako, akhale pansi ndi akwawo kwa mnyamatayo, iwe ntchito yako ndi kupita kukamuona ngati akudya, ukakwiye pakamwa uli naye pafupi kuti nayenso akuyankhe. Chibale ndi fupa, pomwe zolemba zako azidzawerenga ana ake.

A Paston aja Calle sanathe nkumutaya komwe, anapitiriza kuwagwirira ntchito chifukwa za minda ndi ngongole ankazidziwa ndi iyeyo. Ndipo Margaret polemba wilo yake mu 1482 anasiyira John Calle, mwana wa Margery, mapaundi 20 oti adzalandire akakwana zaka 24, ndipo pamenepo analemba kuti Margery mwana wanga.