Galimoto ya 1955 idula bwanji kuposa zatsopano khumi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa inu, mnyamata amene ntchito yake ndi yowongola ndi kupenta magalimoto. Anaonera vidiyo ya Mercedes-Benz 300 SL ya 1955, ija zitseko zake zimatsegukira kumwamba, ikugulitsidwa pa okushoni pamtengo wopitirira madola 1 miliyoni. Iye analemba kuti: "Galimoto imeneyi ndi yaikulu kwa bambo anga, ilibe wailesi yamakono ngakhale choziziritsira m'kati. Ingadule bwanji kuposa ma Land Cruiser atsopano khumi? Kodi akulipira penti ndi kukonzedwa kwakeko? Ngati ndi choncho, nanenso ndikapeza galimoto yakale n'kuikonza mpaka kuwala ngati kalilole, ndingaphe makwacha?"

Achimwene, funso lanu landisangalatsa, chifukwa lachokera kwa munthu wodziwa fungo la penti. Koma ndiyambe ndi kukuuzani kuti kuwala kumene munaonako ndi gawo lochepa kwambiri la mtengowo. Anthu amenewa amagula mbiri, ndipo amafuna umboni woti chitsulo chimene chili patsogolo pawocho ndi chomwecho chimene chinatuluka mufakitale.

Mbiri yake ikuyambira mu 1952. Germany inali isanachire mabala a nkhondo, ndipo kampani ya Mercedes inalibe ndalama zopangira injini yatsopano yampikisano. Injiniya wawo, Rudolf Uhlenhaut, anatenga injini ya malita 3 ya galimoto yaikulu ya mabwana, n'kuganiza kuti popeza mphamvu sizingachuluke, galimotoyo ipepuke. Anaimangira chigoba cha timapaipi topyapyala towotcherera mopingasapingasa, cholemera makilogalamu 50 okha, ngati thumba limodzi la feteleza. Kuti chigobacho chilimbe, mapaipi ake anayenera kudutsa m'mbali, pamene pamakhala zitseko. Chitseko chawamba chinasowa malo, ndiye anachimangirira kudenga. Apa m'pamene panachokera mapiko aja amene anaipatsa dzina loti Gullwing, kutanthauza mapiko a mbalame ya kunyanja. Sanawaike pofuna kukongoletsa ayi, linali vuto la ntchito limene analipezera njira.

Chaka chomwecho galimoto yampikisanoyo inapambana mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, n'kukapambananso Carrera Panamericana ku Mexico. Kumeneko muimba unawomba galasi lakutsogolo galimoto ili paliwiro, n'kuvulaza kumaso Hans Klenk amene ankalozera njira dalaivala Karl Kling. Iwo anapitiriza ulendo mpaka kupambana. Atamva mbiriyi, Max Hoffman, amene ankagulitsa magalimoto a ku Ulaya ku New York, anakakamiza kampaniyo kuti ipange ina yoti anthu azigula n'kuyendetsa pamsewu. Inaonekera koyamba ku New York mu February 1954, ndipo zambiri zinagulidwa ku America komweko.

Inu amene mumagwira magalimoto mudzamvetsa chimene chinadabwitsa anthu nthawi imeneyo. Pafupifupi magalimoto ena onse apetulo ankayendera kabuleta, koma iyi inali ndi pampu ya Bosch yofayira petulo m'masilinda mwenimwenimo, njira imene Ajeremani anaiphunzirira pa injini za ndege. Inkatulutsa mahosipawa 215, ndipo malinga ndi magiya akumbuyo amene mwini wake wasankha, inkatha kufika pa makilomita 260 pa ola. Injiniyo anaipendeketsa chammbali kuti boneti itsike. Mu 1955, John Fitch anatenga 300 SL yapamsewu n'kumaliza pa nambala 5 mumpikisano wa Mille Miglia ku Italy, pakati pa magalimoto opangidwira mpikisano.

Ndisakunamizeni kuti inali yopanda chilema. Kulowamo ndi ntchito: umayamba wakhala pachipupa chachikulu cham'mbali, n'kupinda chiwongolero kuti chigwere pansi, kenaka n'kulowetsa miyendo umodziumodzi. Magalasi am'zitseko satsika, amachita kuchotsedwa, motero dzuwa likaswa mtengo m'katimo mumakhala ngati mu uvuni. Matayala akumbuyo amafuna dalaivala wodziwa, chifukwa ukasiya moto pakati pa kona galimoto imataya kumbuyo. Pampu ija nayo inkapitiriza kufaya petulo injini ikamazima, petuloyo n'kutsikira mu oyilo, choncho oyilo ankayenera kusinthidwa pafupipafupi. Eni ake amadziwa zonsezi ndipo amaikondabe.

Tsopano za kuchepa kwake. Za mapiko zinapangidwa 1,400 zokha, kuyambira 1954 mpaka 1957. Kenaka kunabwera ya denga lotsegula, Roadster, imene zinapangidwa 1,858 mpaka 1963. Mwa 1,400 zija, 29 zokha ndi zimene thupi lonse linali la aluminiyamu. Chiwerengerochi sichidzakweranso, pamene anthu achuma ozifuna akungochulukirachulukira. Ndiponso kukhala nayo kumatsegula makomo: mpikisano wa Mille Miglia wamasiku ano umalandira mitundu yokha ya magalimoto imene inathamangako pakati pa 1927 ndi 1957, ndipo 300 SL ili m'gulumo.

Koma pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa funso lanu lachiwiri, la kukonza. Mu January 2022, imodzi mwa 29 za aluminiyamu zija, yokonzedwa bwino ndi yowala, inagulidwa madola 6.8 miliyoni ku Arizona. Mu October 2024, ina ya gulu lomwelo inatulutsidwa pamalo osungirapo magalimoto akufa a malemu Rudi Klein ku Los Angeles, itakhala chiimire kwa zaka pafupifupi 50. Inali yafumbi, yophwanyika pena, yosalira n'komwe. Inagulidwa madola oposa 9.3 miliyoni. Yosakonzedwayo inaposa yokonzedwa ndi mamiliyoni awiri ndi theka! Chifukwa chake n'chakuti palibe amene anali ataiphwasula. Injini inali yake yobadwa nayo, thupi lake lomwelo, ndipo mbiri yake inali yodziwika kuyambira kwa mwini wake woyamba, Luigi Chinetti, katswiri wa mipikisano amene ankagulitsa Ferrari ku America.

Wogula wodziwa akafika pa galimoto yotere, kuwala amakuona pomaliza. Amatsegula boneti, n'kuwerama ndi tochi kufunafuna nambala yodindidwa pa injini, ina pa chigoba, ina pa thupi. Manambalawo amawayerekeza ndi khadi la kufakitale, limene kampaniyo imasungabe, losonyeza mtundu wa penti, za m'kati, ndi kumene galimotoyo inatumizidwa. Khadi likanena kuti inatuluka yotuwa koma lero ndi yofiira, mtengo umatsika. Zina zinatuluka ndi mipando ya nsalu yamandalasi, chikopa chinali chochita kuitanitsa, ndiye wokonza amene anang'amba nsaluyo n'kuikamo chikopa poganiza kuti akukometsa, anachotsa kanthu kena ka galimotoyo. Kenaka amatulutsa maginito kapena kachida koyezera kukhuthala kwa penti, n'kumayendetsa pang'onopang'ono m'munsi mwa mapiko a matayala. Inu mukudziwa bwino chimene akufuna: pamene maginito akana kugwira, pansipo pabisala fila, phala lija lomatira potiwanika. Pa galimoto iyi amasamala, poti zitseko, boneti ndi chivundikiro cha buti ndi za aluminiyamu, maginito sagwirapo ngakhale zili bwinobwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo pa 300 SL nyererezo ndi dzimbiri lodya timapaipi tija kuchokera m'kati.

Sindikunena kuti kukonza n'kulakwa. Galimoto imene dzimbiri laidya iyenera kupulumutsidwa, ndipo ine ndimawavulira chipewa amisiri amene amachita ntchito imeneyi. Amachotsa thupi pachigoba, n'kuyeza paipi iliyonse, kudula yowola yokhayo, kusula chitsulo chatsopano ndi manja, n'kujambula zithunzi za sitepe iliyonse kuti wogula wam'tsogolo adzaone. Ntchito yotere imatha zaka, ndipo Mercedes yeniyeniyo ili ndi malo ochitira zimenezi ku Fellbach, kufupi ndi Stuttgart. Chimene chimandiwawa ndi kukonza kopitirira muyezo, kumene galimoto imatuluka yosalala kuposa mmene inatulukira mufakitale, zizindikiro zonse za manja a amisiri a 1955 zitakwiriridwa. Ngakhale oweruza ayamba kuona chimodzimodzi: mu 2024 ku Pebble Beach, chionetsero chotchuka cha magalimoto akale ku California, mphoto yaikulu inapita kwa Bugatti ya 1934 yosakonzedwa, ndi zipsera zake zonse.

Nanga inuyo mungaphe makwacha? Ndikuyankheni mosabisa: pa galimoto wamba zakale, ndalama zokonzera nthawi zambiri zimaposa mtengo wodzagulitsira. Ngakhale magalimoto okongola a nthawi yomweyo, monga MGA ya ku Britain imene zinapangidwa zoposa 100,000, mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono ka Gullwing, pamene maola owongola chitsulo ndi ochuluka chimodzimodzi. Amene amapeza phindu lodalirika pa bizinesi imeneyi ndi mmisiri wolipidwa pa ntchito yake, ndipo luso limenelo muli nalo kale m'manja.

Mukapeza Peugeot 404, Land Rover yakale kapena Morris Minor ili pansi pa mtengo wa mango kwa achibale, musathamangire sandipepa. Yambani mwaitsuka ndi madzi ndi sopo, mujambule mbali zonse, mulembe manambala a injini ndi chasesi, ndipo mufunse akuluakulu apakhomopo ngati bulubuku ndi malisiti akale zilipo. Chilichonse chimene mwamasula, ngakhale kabauti kadzimbiri, chiikeni m'kathumba kake n'kulembapo pamene chachokera. Mukatero munditumizire zithunzizo, tidzaonere limodzi ngati ikufuna penti yatsopano kapena ingofuna kupukutidwa.